Mizere 15,000 pa inchi imodzi: mpata wake ndi mananomita angati?

Lachiwiri madzulo

Aphunzitsi a ku Ntchisi: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano? Ndabwera ndi vuto, mundithandize. Dzulo tinkakonza m'kachipinda kosungira zipangizo za sayansi pasukulu pathu, ndiye kuseri kwa kabati tinapeza kabokosi kamatabwa kodzadza fumbi. M'kati mwake muli timagalasi titatu, kalikonse kali m'kafulemu kake ka katoni. Ukakapendeketsa pa dzuwa kamaonetsa mitundu ngati utawaleza. Pa fulemupo palembedwa kuti diffraction grating, 15,000 lines per inch, kutanthauza kagalasi kokhala ndi timizere topyapyala 15,000 pa inchi iliyonse, timene timapatutsa kuwala. Ndikufuna Lachisanu ana a kalabu ya sayansi ayeze kutalika kwa funde la kuwala kwa laser yanga yofiira yolozera pa bolodi. Pa laser imeneyo palembedwa 650 nm, ndiye kuti mananomita 650. Fomula ndikuidziwa, d sin θ = nλ, pamene d ndi mpata wa pakati pa mizere, θ ndi ngodya imene kuwala kwapatukira, n ndi nambala ya dontho la kuwala kuchokera pa lapakati, λ ndi kutalika kwa funde. Koma ndikawerengera mpata wa pakati pa mizere ndikupeza mananomita 169, ndipo ndikafuna ngodya, kalikuleta ikungolemba Math ERROR. Ndabwereza kanayi. Kodi kagalasika n'kolakwika kapena laser ndiyo yosayenera?

Madamu a Masamu: Taswera bwino aphunzitsi. Tatumizani m'mene mwawerengera, mzere ndi mzere. Musadumphe chilichonse.

Aphunzitsi a ku Ntchisi: Inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Ndachulukitsa ndi 1,000,000 kuti akhale mananomita, ndapeza 2,540,000. Ndagawa ndi 15,000, yankho 169.3. Kenako 650 kugawa ndi 169.3 ikubwera 3.84, ndiye pamenepo kalikuleta ikukana.

Madamu a Masamu: Kagalasiko kalibe mlandu, laser nayo ilibe mlandu. Pasowa ziro mmodzi. Miliyoni mwagwiritsayo ndi ya milimita. Mita imodzi ili ndi mananomita 1,000,000,000. Milimita ili ndi 1,000,000. Sentimita ndi mamilimita khumi, choncho ili ndi mananomita 10,000,000. Ine ana anga ndimawauza kuti asadzere ku sentimita n'komwe, adzere ku milimita chifukwa masitepe ake onse ndi a 1,000. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4. Chulukitsani ndi 1,000 mupeza mamaikulomita 25,400. Chulukitsaninso ndi 1,000 mupeza mananomita 25,400,000. Tsopano gawani ndi 15,000.

Aphunzitsi a ku Ntchisi: 1,693.3. Eee, zoona! Ndiye 650 kugawa ndi 1,693.3 ndi 0.384, ngodya yake madigiri 22.6. Yatuluka. Zikomo kwambiri madamu, usiku wa dzulo ndinagona mutu uli pa nambala zimenezi.

Madamu a Masamu: Koma kalikuletayo inakuchitirani zabwino pokana. Sine sapitirira 1, ndiye inakuuzani kuti penapake palakwika. Choopsa ndi pamene ziro wasowa koma yankho likutulukabe, munthu n'kulemba pa bolodi ana n'kukopera.

Wophunzira wa ku Zomba: Ndiwonjezereko pang'ono aphunzitsi. Math ERROR imeneyo ili ndi tanthauzo lenileni. Kukanakhala kuti mpata wake ndi 169 nm zoona, ukanakhala waufupi kuposa funde la kuwalako, ndipo pakhoma mukanangoona kadontho kamodzi kapakati, popanda ena m'mbali. Ndi mpata wa 1,693.333333 nm muona madontho asanu: lapakati, awiri pa madigiri 22.6 kumanzere ndi kumanja, ena awiri pa madigiri 50.1. Dontho lachitatu mbali iliyonse silingabwere chifukwa 3 kuchulukitsa ndi 0.384 ikupitirira 1. Mukapeza laser yobiriwira ya 532 nm muona asanu ndi awiri.

Madamu a Masamu: Mwana wanga, zonse wanena n'zoona, koma matatu onse walemba pambuyo pa pointiwo wawatenga kuti?

Wophunzira wa ku Zomba: Ndi m'mene yatulukira pa kalikuleta madamu. Ndiponso 25.4 si nambala yoyerekeza, ndi yeniyeni, ilibe chotsalira. Ndiye ndinaona ngati palibe chifukwa chodulira.

Madamu a Masamu: 25.4 ndi yeniyeni, pamenepo sitikutsutsana. Nanga 15,000? Amene anapanga kagalasiko sanalonjeze kuti mizere ndi 15,000 ndendende osati 14,950 kapena 15,040. Ukalemba 1,693.333333 ukuuza wowerenga kuti mpatawo ukuudziwa mpaka kachigawo kakang'ono kuposa atomu. Lemba 1,690 nm, kapena sunga 1,693 powerengera n'kudzadula pamapeto. Nambala yosinthira ikhoza kukhala yangwiro, koma yankho silingapose muyezo umene unalowa nawo.

Wophunzira wa ku Zomba: Ndamva madamu. Ku labu amatidula mamalikesi pa chifukwa chomwechi.

Mmisiri wa ku Chipata: Ine ndingofunsa monga munthu wa matabwa. Nanga anthu a sayansi akuvutikiranji ndi mainchi? Ife tikugula misomali ya 4 inchi, mapaipi a hafu inchi, chifukwa ndi m'mene tinapezera. Koma m'sukulu ana amaphunzira mita. Chinthu cha mu labu chilembedwa bwanji mu inchi?

Aphunzitsi a ku Ntchisi: Timagalasiti n'takale achimwene, pepala lake lachita chikasu. Tiyenera kuti tinachokera ku Britain kapena ku America. Tatsopano timalembedwa mizere pa milimita, monga 300 kapena 600. Kangaka kakanalembedwa lero kakanakhala ka mizere pafupifupi 590 pa milimita.

Achimwene a ku Joni: Pepani ndalowa mochedwa, ndimaweruka. Achimwene a ku Chipata, inchi siinafe ayi. Ine ndimagwira ntchito pa makina osema zitsulo kuno ku Johannesburg, ndipo mwezi sutha osalandira pulani yochokera ku America yolembedwa mu mainchi. Kumeneko sanena za nanomita. Amagawa inchi ka 1,000, kachigawoko amakatcha thou, ena amati mil. Thou imodzi ndi mamaikulomita 25.4, kapena kuti mananomita 25,400. Akafuna kunena za kusalala kwa chitsulo amagawa inchi ka miliyoni, n'kukhala microinch, yomwe ndi mananomita 25.4. Pulani ikalembedwa kuti kusalala kukhale 32, ndiye kuti mamicroinch 32, pafupifupi mananomita 800, ife timati mamaikulomita 0.8 pa makina athu oyezera. Mnyamata wina watsopano anawerenga mil ngati milimita. Anasiya mpata wa mamilimita awiri pamene pamafunika ma thou awiri, kusiyana kwake pafupifupi ka 40. Shafti yonse inatayidwa, chitsulo chodula, ndipo mnyamatayo anakhala phee tsiku lonse osadya nkhomaliro. Kuyambira pamenepo ndimamuuza aliyense watsopano kuti asanagwire makina afunse kaye kuti pulaniyo ili m'muyezo wanji.

Agogo Opuma: Ana anga, mwandikumbutsa kale. Ine ndinayamba sukulu tikuwerenga mainchi, mafiti ndi mayadi, ndalama zili mapaundi ndi masheleni. Ndinadzaphunzitsa zaka zambiri mita itabwera. Pali chinthu chimodzi chimene ndinadzachidziwa ndili wamkulu kale, ndipo chikugwirizana ndi funso la aphunzitsi. Inchi ya 25.4 imene mukuitcha yeniyeniyi siinali choncho chiyambire. Kale ku America kunali inchi yawo, ku Britain kunali yawo. Mu 1893 a ku America anakhazikitsa kuti mita imodzi ndi mainchi 39.37. Tagawani mamilimita 1,000 ndi 39.37 muone.

Wophunzira wa ku Zomba: 25.4000508, agogo.

Agogo Opuma: Basi. Tsopano chotsapo 25.4 usinthe chotsalacho chikhale mananomita.

Wophunzira wa ku Zomba: 0.0000508 mm, ndiye kuti pafupifupi mananomita 51.

Agogo Opuma: Ndi zimenezo. Inchi ya ku America inali yotalikirapo ndi mananomita 51 kuposa ya lero, pamene ya ku Britain inali yofupikirapo pang'ono, ndi mananomita opitirira 20. Kwa mmisiri wa matabwa palibe kanthu. Kwa opanga mainjini a ndege m'mayiko awiri, zitsulo zoyenera kulowana, inali nkhani. Mu 1959 mayiko asanu ndi limodzi anagwirizana: America, Britain, Canada, Australia, New Zealand ndi South Africa. Anati yadi ikhale mamita 0.9144 ndendende. Gawani ndi 36 mupeza mamilimita 25.4 opanda chotsalira. Ndiye lero inchi ilibe ndodo yake yosungidwa kwinakwake. Imayezedwa ndi mita, ndipo mita kuyambira 1983 imayezedwa ndi liwiro la kuwala, mamita 299,792,458 pa sekondi. Aphunzitsi, Lachisanu ana anu akamayeza kuwala ndi kagalasi ka mainchi, muwauze kuti inchiyo nayonso imayezedwa ndi kuwala komweko.

Aphunzitsi a ku Ntchisi: Agogo, izi ndazilemba m'kope. Nanga ngati kagalasi kangaka kanapangidwa 1959 isanafike, yankho langa lisintha?

Agogo Opuma: Ayi mwana wanga. Mananomita 51 agawidwe pa mizere 15,000, mpata uliwonse usintha ndi 0.003 nm. Simungazione ndi tepi ya pasukulu. Amene zinawakhudza ndi oyeza malo, chifukwa pa mtunda wautali tizigawoti timaunjikana, mamilimita awiri pa kilomita iliyonse. N'chifukwa chake oyeza malo a ku America anasungabe fiti yawo yakale ija, mpaka boma lawo linaithetsa kumapeto kwa 2022.

Achimwene a ku Joni: Agogo anena za 1959, koma ife a zitsulo timadziwa kuti 25.4 inayambira m'manja mwa mmisiri. Kunali munthu wa ku Sweden, Carl Edvard Johansson, amene ankapanga timidadada tachitsulo toyezera, timene timatcha gauge block. Pofuna kugulitsa ku America ndi ku Britain komwe, mu 1912 anasankha nambala yapakati, 25.4, pa kutentha kwa madigiri 20. Mafakitale anazolowera timidadada take, mabungwe oona za miyezo n'kutsatira, ku Britain mu 1930, ku America mu 1933. Maboma anadzasaina ntchito itachitika kale.

Timidadada timeneti tili nato kuntchito, m'bokosi lotsekedwa, m'chipinda chozizira. Ndikanakonda mukanationa. Ndi tosalala kwambiri moti ukatipukuta, n'kukhudzitsa tiwiri, n'kutipotoza pang'ono, timamatirana tokha popanda guluu kapena maginito. Umachita kukankhira m'mbali kuti tilekane. Ndipo sitiloledwa kutifumbata m'manja. Chitsulo chimafutukuka chikatenthedwa. Kamdadada ka inchi imodzi kakatentha ndi digiri imodzi yokha kamatalika ndi mananomita pafupifupi 290. Taganizani, kusiyana kwa inchi ya America ndi ya lero kumene agogo anena ndi 51, pamene dzanja lako lokha likhoza kuwonjezera 290 kangapo. N'chifukwa chake muyezo uliwonse wa zitsulo umanenedwa pa madigiri 20. Chitsulo chikangochoka pa makina chili chofunda timachisiya pa tebulo lamwala chizizire kaye, ngakhale bwana akhale akufulumiza. Ndiye madamu akamati dulani manambala, ine ndikuvomereza ndi mtima wonse. Munthu akandiuza kuti chitsulo ichi ndi mananomita 25,400,000 ndendende, ndimamufunsa kuti wayeza m'mawa kapena masana.

Amayi a ku Labu: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, nkhaniyi yandigwira mtima. Aphunzitsi, vuto limene ndimaliona kwa ana amene amabwera kudzaphunzira ntchito kwathu ku labu ya chipatala ndi lakuti nanomita amaidziwa ngati maziro asanu ndi anayi basi, alibe chithunzi chake m'mutu. Mukawapatse zinthu zoti aziyerekeza nazo. Jambulani inchi imodzi pa bolodi, kutalika kwake ngati kuchokera pa mfundo ya chala chachikulu kufika kunsonga. Kenako muwauze kuti maselo ofiira a magazi, lililonse pafupifupi mananomita 7,500, atandanda pa kamzere kameneko angakwane oposa 3,000. Kachilombo ka HIV n'ka mananomita pafupifupi 120, ndiye pa inchi yomweyo tingandande toposa 200,000. DNA ndi mananomita awiri okha m'mimba mwake.

Ndipo pali funso limene odwala ena amandifunsa: bwanji malungo mumawaona pa maikulosikopu koma HIV simuiona? Yankho lake ndi nambala zomwezi. Kuwala kumene maso athu amaona kuli ndi mafunde a pakati pa mananomita 400 ndi 700. Maikulosikopu ya kuwala singasiyanitse zinthu zochepera pafupifupi mananomita 200, ngakhale galasi lake likhale labwino chotani. Kachilombo ka malungo kali m'kati mwa selo n'koposa mananomita 1,000, timakaona bwinobwino tikapaka utoto, kooneka ngati kamphete. HIV ili pansi pa malire amenewo. N'chifukwa chake timayeza ndi njira zina.

Aphunzitsi a ku Ntchisi: Amayi, ichi ndiye ndiyambira nacho phunziro. Ana onse anayezedwapo malungo, amvetsa msanga.

Mnyamata wa Mafoni: Funso langa lili pambali pang'ono akuluakulu. Pa bokosi la foni amalemba kuti sikirini 6.5 inchi, kenako purosesa 4 nm. Ndiye kuti tizipangizo ta m'kati mwake ndi ta mananomita anayi?

Wophunzira wa ku Zomba: Sikirini ndi muyezo weniweni achimwene, kuchokera pa kona kufika pa kona ina modutsa pakati. Mainchi 6.5 ndi mamilimita 165.1. Koma 4 nm ija masiku ano ndi dzina la m'badwo wa luso lopangira, palibe kachipangizo kamene mungakaloze kuti aka n'ka mananomita anayi. Mipata ya pakati pa matransistor, timaswichi tating'ono ta m'purosesa, ndi mananomita makumi angapo. Ngakhale mbale za silicon zimene amadulapo mapurosesa anthu amazitcha 12 inchi, koma ndi za mamilimita 300, pamene mainchi 12 enieni ndi 304.8.

Mmisiri wa ku Chipata: Ndiye n'chimodzimodzi ndi kwathu kuno. Paipi yachitsulo ya hafu inchi mukaiyeza kunja ndi mamilimita 21 ndi kakang'ono, pamene hafu inchi ndi 12.7. Thabwa la 2 by 4 likapalidwa silikwananso mainchi awiri ndi anayi. Ukangotenga dzina n'kuchulukitsa ndi 25.4, chitseko sichilowa pa fulemu.

Madamu a Masamu: Ndipo funso lomwelo tilifunse pa kagalasi ka aphunzitsi. 15,000 ija ndi muyezo kapena ndi dzina? Njira yodziwira ndi kuyesa. Aphunzitsi, imikani kagalasiko mita imodzi kuchokera pakhoma, laser ilunjike khomalo mowongoka. Ngati zonse zili bwino, dontho loyamba ligwa pafupifupi masentimita 41.6 kuchokera pa lapakati, lachiwiri pafupifupi mita 1.2. Kumbukirani kuti pakhoma mukupeza tan, osati sine. Ngodya ndi yaikulu, musatenge chidule chonena kuti ziwirizo n'zofanana.

Wophunzira wa ku Zomba: Komanso ngati timagalasi titatu n'tochepa pa ana ambiri, gwiritsani CD yakale. Mizere yake inatalikirana mananomita 1,600, zomwe ndi mizere 15,875 pa inchi, pafupi kwambiri ndi kagalasi kanuko. Kungoti CD imabweza kuwala, madontho amabwerera kumene kuli laser. DVD mizere yake ndi yothinana, mananomita 740.

Amayi a ku Labu: Chonde laser ikhale m'manja mwa aphunzitsi okha, kapena imangidwe pa tebulo m'munsi mwa maso a ana. Makamaka ndi CD, kuwala kumabwerera kwa anthu. Mwana asasuzumire.

Aphunzitsi a ku Ntchisi: Ndamva amayi, ndiimanga ndi selotepi pa mulu wa mabuku. Zikomo nonse, ndidzakuuzani Lachisanu.

Lachisanu madzulo

Aphunzitsi a ku Ntchisi: Akuluakulu, tayesa. Tinatchinga mawindo ndi zitenje ziwiri ndi makatoni, m'kalasi munachita mdima wokwanira. Laser ndinaimanga pa mabuku, kagalasi ndinakapanikiza ndi pegi yoyanikira zovala. Nditangoyatsa, madontho asanu ofiira anandanda pakhoma monga ananenera mwana wathu wa ku Zomba. Ana anakhala chete kaye, kenako mtsikana wina wa Fomu 3 anapita kukayang'ana kuseri kwa mabuku ngati ndabisa malaser ena. Ndinachotsa kagalasi, linatsala dontho limodzi. Ndinakabwezera, anabwereranso asanu. Anapempha yekha kuti agwire tepi.

Tinalemba madonthowo ndi choko. Kumanja tinapeza masentimita 43, kumanzere 41, ndiye tatenga pakati, 42. Tan ndi 0.42, ngodya madigiri 22.8, sine 0.387. Kuchulukitsa ndi 1,693 tapeza 656 nm. Pa laser palembedwa 650. Kodi talakwitsanso penapake?

Madamu a Masamu: Simunalakwitse. Mwasiyana ndi gawo limodzi pa 100 basi, ndi tepi ya telala ndi choko. Tawerengerani ndi masentimita 41.5 muone, mupeza 649. Hafu ya sentimita pakhoma ikusuntha yankho ndi mananomita asanu ndi awiri, ndipo dontho lenilenilo ndi mzere wa choko n'zonenepa pafupifupi choncho. Ana alembe kuti 656 nm, kuphonya kwake pafupifupi mananomita 10 uku ndi uku. Kusiyana kwa 43 ndi 41 kukusonyeza kuti laser siinalunjike khoma mowongoka, munachita bwino kuyeza mbali zonse ziwiri.

Achimwene a ku Joni: Ndiponso 650 ya pa laser yotsika mtengo musaikhulupirire kwambiri, zambiri zimalembedwa 630 mpaka 680. Mwina ana anu ndi amene ali pafupi ndi zoona kuposa pepalalo. Sabata ya mawa sunthani tebulo lifike mamita awiri, madontho atalikirana kawiri koma kunenepa kwa choko kukhala komweko. Ndipo mita ija muiyeze kuchokera pa kagalasi, osati pa laser.

Aphunzitsi a ku Ntchisi: Tinayeza kuchokera pa kagalasi achimwene. Madontho achiwiri tinawapeza pa masentimita 122, ana akawerengera okha kunyumba, ndawauza kuti n ikhale 2. Mtsikana uja wafunsa ngati tingayeze kunenepa kwa tsitsi lake ndi laser yomweyi. Ndamuuza kuti ndifunsa pagulu.

Wophunzira wa ku Zomba: Zimatheka aphunzitsi. Tsitsi limodzi mulimate pa bowo la katoni, laser iwombe pakati pake, khoma likhale mamita awiri kapena atatu. Muona kamzere ka kuwala kodukaduka. Yezani kuchokera pa mdima umodzi kufika pa mdima wotsatira. Kunenepa kwa tsitsi ndi funde la kuwala kuchulukitsa ndi mtunda wa kukhoma, kugawa ndi mpata umenewo. Tsitsi la mananomita 70,000 pa mamita atatu lipereka mpata wa masentimita pafupifupi 2.8.

Amayi a ku Labu: Atenge tsitsi la ana atatu kapena anayi, chifukwa limasiyana munthu ndi munthu. Akapeza mayankho munditumizire, ine ndiyeza langa pa maikulosikopu Lolemba tidzafanizire.